Bondo la Mpiringidzo

Ana inu, tabwerani mukhale pansi apa. Iwe Rashidi, vula kaye nsapato zako za mpirazo, zikundikumbira pakhonde pomwe ndazira dzulo lomweli. Hawa, foniyo ika pansi, sithawa. Ndakuonani m'mawa muja kuseri kwa khitchini, Rashidi akuyesezera mayendedwe a malemu agogo anu aamuna, mwendo umodzi akuukoka, enanu mukufa nalo phwete.

Sindikukwiya ayi. Inu munawadziwa ali nkhalamba yosoka maukonde pansi pa mtengo wa mango, ndodo ili pambali, pofuna kudzuka mpaka agwire kaye tsinde. Mukuyesa anabadwa choncho. Munthu uja, ana inu, ankalumpha n'kuumenya mpira ndi mutu pamwamba pa anzake onse. Kuyambira ku Dwangwa mpaka kwa Malenga Chanzi panalibe wowatchula dzina lawo loti Selemani. Aliyense ankati Mpiringidzo. Inu a maloko ndi makiyi mpiringidzo simuudziwa. Unali mtengo wopingasa kuseri kwa chitseko. Ukauika, ngakhale fisi akankhe chotani, salowa.

Anakulira konkuno ku Ngala, mwana wa msodzi. Ntchafu zija anazipeza pokoka khoka mumchenga kuyambira ali wamng'ono. Mpira wawo unali wa nsanza, womanga ndi luzi, ndipo ukagwera m'madzi unkalemera ngati mwala. Nsapato kunalibe. Zala za kumapazi kwawo zinali zokhota ngati mizu ya chinangwa, zikhadabo zina zinachoka osameranso. Sukulu anailekeza panjira ngati ine ndemwe.

Ine ndinawadziwira pabwalo. Ndinkagulitsa zitumbuwa pafupi ndi golo, mayi anga atandituma. Tsiku lina mpira unabwera molunjika beseni langa, ine n'kutseka maso. Potsegula ndinangoona munthu wamtali waugwira ndi chidale, fumbi lokhalokha, zitumbuwa zanga zili bwinobwino.

"Chemwali," anatero, "ine ndimatchinga golo, osati malonda. Mundilipira chiyani?"

Ndinawapatsa chimodzi chopserera. Anadzandikumbutsa chitumbuwa chimenecho mpaka imvi.

Nthawi imeneyo kufupi ndi Boma kunali kampani yopuntha mpunga. Inatha kalekale, pamalo pake pano ndi tchire lokhalokha. Kampaniyo inali ndi timu ya mpira, anthu ankangoti anyamata a kuchigayo. Musaganize za osewera anu a pa kanema, oyenda pa galimoto zonyezimira. Kale kampani ikafuna mwendo wako, inkakulemba ntchito yopepuka n'kukupatsa nyumba kumalayini. Agogo anu ankasoka matumba a mpunga mpaka masana, kenako bwana n'kuwamasula kuti apite ku pulakatisi. Tinakwatirana chaka chomwe anawatengacho, ndipo Mariamu, mayi ako iwe Hawa, anabadwira m'nyumba imeneyo.

Inali ya zipinda ziwiri, ya malata, pansi pa simenti, mpopi wa madzi uli kumapeto kwa layini. Ine wobadwira m'nyumba ya udzu, mvula yoyamba kugwa padenga paja ndinathawira panja, ndimayesa anthu akutigenda. Akazi anzanga anandiseka mwezi wathunthu. Koma ndinaikonda nyumba ija. Ndinkaikolopa mpaka mwana ankatha kudyera pansi. Chimodzi chokha ndinkachidziwa, ndipo mkazi aliyense wa pamalayini paja ankachidziwa ngakhale sitinkachitchula: nyumbazo sizinali zathu, zinali za miyendo. Mwendo ukaleka, nyumba inkapita kwa mwendo wina.

Ndiye ine ntchito yanga inali kusamala mwendowo. Masokosi ndinkachapa ndine, matope ofiira osachoka mpaka uwawiritse. Nsapato zawo zinali za chikopa chouma, mano ake okhomera ndi misomali. Misomaliyo inkatulukira m'kati n'kumabaya phazi, ine n'kumaikhoma ndi mwala pachitsa. Zotchinjiriza misongolo zanu za pulasitikizi kunalibe. Ndinkadula katoni ya sopo, n'kuipinda kawiri, iwo n'kulowetsa m'sokosi. Akabwera ku mpira ndinkawerenga zipsera ngati mmene mumawerengera mauthenga pafoni. Apa wina wawaponda, apa chigongono, apa mutu wa munthu.

Iwe Rashidi umafuna kusewera kutsogolo, eti? Nonsenu mumafuna kutsogolo. N'zoona, kumeneko ndiye kuli nyimbo. Wakutsogolo akhoza kugona masewera onse, n'kudzagoletsa kamodzi, anthu amunyamula. Wakumbuyo achotsa mipira tsiku lonse, palibe woona. Adzalakwitse kamodzi, dzina lake lili m'kamwa mwa aliyense mpaka kumsika. Agogo anu ankazidziwa zimenezi ndipo sankadandaula. Anali ndi lamulo lawo limodzi lokha limene ankanyadira: sankagona pansi. Anzawo akakhudzidwa pang'ono ankagubuduzika mpaka woimbira aimitse mpira. Iwo ayi. Ankati, "Wakumbuyo akagona pansi, wawaonetsa adani pamene pali khomo." Zaka zonse zimene anasewera, palibe amene anathamangirapo m'bwalo ndi ndowa ya madzi chifukwa cha iwo.

Tsono timu iliyonse nthawi imeneyo inali ndi dokotala wake, ndipo sindikunena wa kuchipatala. Wathu anali a Kaphiri, bambo wamfupi woyenda ndi kathumba ka chiguduli kosasiyana nako. Mpira waukulu ukayandikira, anyamata ankawatsekera m'nyumba yosungira mpunga, ankati ali ku kampu. Mkazi wosayandikira, ngakhale kupereka madzi akumwa, ngakhale moni. Agogo anu anali munthu wa swala, zimenezi sankazikonda, ndipo ashehe anawadzudzulapo. Koma ankati, "Nanga ndikane ndekha? Tikagonja adzati ndine ndatsegula khomo."

Pamwamba pa a Kaphiri panali a tcheyamani a timu. Dzina lawo ndilisiya, ana awo alipo. Anali mkulu wa mu ofesi ya kampani, komanso anali wamkulu wa chipani kudera kwathu. Inu a masiku ano mumatukwana atsogoleri pa wailesi n'kukagona tulo. Nthawi ija chipani chinali chimodzi, ndipo munthu wa chipani akati dzuwa latuluka kumadzulo, iwe unkangoti zikomo bwana.

Chaka china timu inachita bwino mu mpikisano wa chikho, mpaka inafika poti ikasewere kumtunda, ku Kasungu. Kampani inatulutsa malole awiri, imodzi ya osewera, ina ya ochemerera. Ine ndinali ndisanapiteko kumtunda chibadwire. Ndinabereka Mariamu, anali asanayambe kuyenda, n'kukwera nawo. Msewu wake unali wafumbi, wodutsa m'nkhalango ya nyama. Akashembe ankatiluma podutsa chitenje, ng'oma ikulira, amuna akuimba, ife akazi titagwirana kuopa kugwa. Panjira achinyamata a chipani anatiimitsa kufuna makadi. Wina analoza kumsana kwanga, ati, "Nanga uyu, khadi lake lili kuti?" Sindinadziwe ngati akuseka kapena ayi. Dalaivala ndiye anamunyengerera. Tinafika titayera mbuu ngati tatuluka m'chigayo.

Bwalo la kumeneko silinali ngati lathu la chingwe. Linali ndi mpanda wa njerwa, wautali kuposa munthu ataimika mkono. Ife ochemerera tinalowera pageti ngati anthu, n'kukakhala chakumpanda, mbali imene anatilozera. Eni bwalo analowa, anayamba kuthamangathamanga. Athu osaoneka. Munthu wina wa m'lole mwathu anabwera akunong'ona kuti a Kaphiri anunkhiza pageti, ati pakwiriridwa zinthu, wosewera aliyense wodutsapo miyendo ilemera ngati yonyowa. A tcheyamani alamula kuti timu yonse ilowere pampanda.

Musadabwe, zinkachitika. Matimu ambiri ankatero, ngakhale akuluakulu a mpira ankaletsa, ndipo timu yogwidwa inkachotsedwa mu mpikisano. N'chifukwa chake anasankha kuseri, kumene kunali mitengo ya bulugamu, pafupi ndi pamene tinakhala ife. Ndinaona mitu ikutulukira pamwamba pa mpanda umodziumodzi. Aliyense ankakhala kaye pamwamba, n'kudzitsitsa pang'onopang'ono, anzake om'tsogolera akumulandira. Kunja kuja amene ankawapatsa msana wopondapo anali agogo anu, poti ndiwo anali wamtali ndi wamphamvu. Ndiye anatsala okha. Wowakweza panalibe. Anathamanga, anagwira pamwamba, anadzikoka. Nthawi imeneyo woimbira anali akuliza wenzulo kuitana timu, anzawo onse anali atathamangira m'bwalo, wowalandira panalibe. Sanadzitsitse. Analumpha.

M'munsi mwa mpandawo munali ngalande yobisika ndi udzu. Mwendo wamanja unalowa m'menemo, thupi n'kupita kwina. Sanagwe. Anagwira njerwa, anaima, manja m'chiuno, akuyang'ana pansi ngati munthu wotaya singano. Kenako anayamba kuyenda. Anthu ena sanaone kanthu. Koma ine ndinkadziwa mayendedwe awo ngakhale ali kutali pakati pa gulu, ndipo amenewa sanali awo.

Ndinaiwala lamulo la a Kaphiri. Ndinathamanga mwana akugwedezeka kumsana.

"Bambo a Mariamu! Mwendo!"

Sananditembenukire. Anangoti, "Bwerera, anthu akuona."

"Auzeni a kochi."

"Ndati bwerera."

Goloboyi wathu anali Bonifasi, mnzawo wa ponda apa n'pondepo, wa ku Anglican, nyumba yake yoyandikana ndi yathu. Iyeyo ndiye anazindikira. Ndinamuona akung'amba mphira wa chubu cha njinga umene ankamangira masokosi, n'kuwakulunga bondo mwachangu. Mpira unayamba.

Ndisakunamizeni kuti ndinaonera mpira umenewo. Ine ndinkaonera mwendo umodzi basi. Athu anagoletsa msanga, kenako eni bwalo anatikhalira pakhomo mpaka mapeto. Anali ndi kamnyamata kothamanga ngati gwape, ndipo agogo anu sakanatha kukathamangitsa. Ndiye ankangoima pamene mpira udzafikire, ukafika auchotsa ndi mutu, ndi chidale, ndi mwendo wamanzere. Akalumpha ankatera ndi mwendo umodzi. Bonifasi anadzandiuza pambuyo pake kuti chigawo chachiwiri ankawapempha ali kumbuyo kwawo, "Achimwene, gonani pansi. Wina akakukhudzani, ingogonani, akunyamuleni." Iwo ankangoti, "Yang'ana mpira, Boni." Mipata inalipo. Kamnyamata kaja kanawagunda kangapo, kamodzi mpaka woimbira analiza wenzulo. Akanangogona pamenepo, ana inu, mbiri ino ikanakhala ina. Anaima.

Tinapambana. Anthu ananyamula wogoletsa uja kuzungulira naye bwalo. Agogo anu anayenda okha mpaka ku lole. Pofika kwathu bondo linali ngati dzungu, buluku tinachita kung'amba ndi lumo.

Ku chipatala anatipatsa bandeji ndi mapiritsi. Dokotala anagwira bondo, n'kulikankha uku ndi uku, linkangoyenda ngati chitseko chothyoka mahinjesi. Anati mtsempha wa m'kati waduka, ndipo kusewera nalo kuja kwaonongeratu zotsala. Zofunika opaleshoni, ku chipatala chachikulu kumwera. Zimenezo munthu wosoka matumba sakanazitha payekha. Koma sitinade nkhawa kwambiri, chifukwa kampani inali ndi lamulo labwino: wovulalira m'bwalo ankam'tumiza ku chipatala, ndipo akalephera kuchira ankam'patsa ntchito yokhazikika, nyumba osam'landa. Panali bambo wina mlonda wa pageti amene anathyoka mwendo zaka za m'mbuyo, ndipo ankakhalabe pamalayini ndi ana ake.

Ndinawaperekeza ku ofesi atatsamira paphewa langa. Ine ndinakhala pansi pakhomo, chitseko chinali chotsegula. M'katimo munali a tcheyamani ndi a kochi.

"Mpiringidzo, mwana wanga," anatero a tcheyamani, "ndamva zoti mwendo ukuvuta. Unavulalira kuti?"

"Ku Kasungu, bwana."

"Ku Kasungu? Inenso ndinali komweko. Nthawi iti? Anakuchita ndani?"

A tcheyamani anatembenukira kwa a kochi.

"A kochi, munamuona atagwa?"

A kochi anayang'ana nsapato zawo. "Sanagwe, bwana."

"Anam'nyamula? Anapempha kutuluka?"

"Ayi, bwana."

"Mwaona. Bwalo lonse ndi mboni, wasewera mpaka wenzulo yomaliza, ndipo wasewera ngati mkango. Munthu woduka mtsempha angatero?" Anatsamira kumpando. "Kapena pali malo ena amene ukufuna kutchula? Ukufuna kunena kuti timu ya kampani ino imalowa m'mabwalo ngati akuba? Nena, tilembe, akuluakulu a mpira amve, ndi ena onse amve kuti wanena ndiwe."

Ndinamva mpando wa agogo anu ukulira. Kenako anati, "Ayi, bwana."

"Ndiye wagwa panjinga kwanu. Zimachitika. Ife si anthu oipa. Khala m'nyumbamo mpaka mvula ithe. Mpira ukamayambanso udzationetse mwendo. Ukadzatha kusewera, palibe nkhani."

Ine ndine munthu wofatsa, mukudziwa. Koma tsiku limenelo titafika kunyumba ndinayankhula. Ndinati ndinaona ndi maso anga, Bonifasi anaona, timu yonse inaponda pamsana panu. Ndipita ndekha kwa bwana wamkulu ndikanene.

Anandigwira dzanja. "Make Mariamu, khala pansi. Ukam'tchula munthu uja kuti ndi wabodza, mawa adzati ndinanyoza chipani. Ukudziwa kumene amapita anthu otero. Bola mwanayu akhale ndi bambo wotsimphina."

Sankanama. Pamalayini pomwepo panali mayi wina amene mwamuna wake anatengedwa ndi galimoto masana dzuwa likuswa mtengo, chifukwa cha mawu a pamowa, ndipo palibe ankafunsa. Ndinakhala pansi.

Mpira wotsatira wa chikho timu inasewera popanda iwo, ndipo anaigoletsa zigoli zochititsa manyazi. Mukuganiza anthu anati chiyani? Kumpopi ndinamva mayi wina akuti, "Mpiringidzo akunamizira, akufuna timu ya mu mzinda imugule." Anthu omwe aja ankaimba dzina lawo. Bonifasi yekha ndiye ankabwera, atanyamula kansomba, n'kukhala pakhonde osayang'ana bondo. Tsiku lina anati, "Mlamu, ndili ndi ana atatu." Sindinam'funse kanthu, koma anayankha yekha. Ndinati ndamva, alamu.

Dzinja lonse limenelo ntchito yanga inali bondo. M'mawa ndisanaphike china chilichonse ndinkatereka madzi. Mankhusu a mpunga tinkatapa ulere kuchigayo, ndiwo anali nkhuni zathu, utsi wake woyabwa m'maso. Ndinkathowa ndi kansalu mpaka manja anga kufiira, kenako masamba a nsatsi owamba pamoto, kenako mafuta ake amene ndinkasinja ndekha. Inu mukapweteka mumathamangira mankhwala opopera onunkhira aja. Ife tinali ndi madzi otentha ndi kupirira. Apongozi anga anabwera ndi munthu wotema mphini, anatema kuzungulira bondo lonse. Ashehe anabwera kudzapempherera. A Kaphiri okha sanaponde pakhomo pathu, tikakumana panjira ankakhotera ku chimanga.

Kutupa kunaphwa. Anayamba kuyenda ndi ndodo, kenako popanda ndodo. Mariamu naye ndi nthawi imene ankaphunzira kuyenda, ndiye ankagwirana awiriwo kuzungulira nyumba, wina dzandidzandi, wina tsimphitsimphi, sindinkadziwa akugwira mnzake ndani. Ankapita kunyanja kukayenda m'madzi ofika m'chiuno, ati amalimbitsa. Mvula ikumapita kumapeto anayamba kuthamanga pamsewu. Molunjika ankathamanga ndithu, mwakuti mtima wanga unayamba kukhala pansi. Koma tsiku lina ndikuanika zovala ndinawaona kuseri kwa nyumba akuyesa kutembenuka mwachangu. Bondo linangoti gwede, iwo n'kugwira khoma. Anayang'ana uku ndi uku. Ine ndinabisala kuseri kwa chitenje chimene ndinkayanika. Sitinakambirane.

Kuchokera nthawi imeneyo mpaka imfa yawo, bondo lija linkadziwa nyengo kuposa wailesi. Mwera usanayambe ankati, "Auzeni anyamata asapite kutali lero." Ngalawa sanaikwerenso bwino, chifukwa kupinda mwendo nthawi yaitali kunali chilango. N'chifukwa chake munawapeza akusoka maukonde a anthu ena. Pa swala ankakhala pampando ngati nkhalamba ali ndi zaka zochepa, ndipo zimenezo zinkawapweteka kuposa bondolo. Koma ndadumphira kutsogolo, ndibwerere.

Mpunga utayamba kucha, mpira unayambanso. Kampani inali itabweretsa mnyamata wina wochokera cha ku Dwangwa, dzina lake Jemusi, wamtali, woyankhula Chichewa chopendekera kumpoto. Naye anali wakumbuyo. Ankagona kaye m'nyumba yosungira mpunga poti pamalayini panalibe malo, atasiya mkazi wake kwawo. Aliyense ankadziwa nyumba imene ankadikira.

Tsiku loonetsa mwendo linali la pulakatisi wamba, koma anthu anadzaza ngati kuli chikho. Ndinawamanga bondo ndekha ndi bandeji ija, nditaichapa n'kuisita. Katoni ndinadula yatsopano. Potuluka anati, "Lero usabwere." Ndinati chabwino. Atangokhota ndinabereka mwana n'kuwatsatira.

Poyamba zinkayenda. Mipira yam'mwamba ankachotsa ngati kale, mawu awo akumveka bwalo lonse, "Tseka uko! Bwerera iwe!" Ena anayamba kuimba dzina lija. Ndinaona a kochi akumwetulira. Kenako a tcheyamani anaitana a kochi n'kuwanong'oneza. A kochi anapita kukayankhula ndi anyamata a mbali inayo. Kuyambira pamenepo mipira yam'mwamba inatha. Anayamba kuponya yapansi, yodutsa kumbuyo kwawo, yofuna munthu atembenuke. Woyamba Bonifasi anatuluka n'kuugwira. Wachiwiri unapita kunja. Wachitatu agogo anu anaponda ndi mwendo wamanja kuti akhote.

Palibe anawakhudza. Anangopindika ngati thumba lopanda kanthu, n'kugwa chammbali. Bwalo lonse linati zii. Kanali koyamba anthu a kwathu kuona Mpiringidzo ali pansi. Anayesa kudzuka, mwendo unakana. Anayesanso. Bambo wina wogulitsa nzimbe pafupi nane anati, "Watha uyu," mosakweza mawu, ngati akunena za mvula. Amene anawanyamula anali Bonifasi ndi Jemusi yemweyo.

Mwina mukuti, apa ndiye anagwera m'bwalo, anthu onse akuona. Nanenso ndinaganiza choncho. A tcheyamani anati limenelo ndi bala lakale la panjinga lija.

Lole imene inabwera kudzatitenga ndi yomwe inabweretsa mkazi wa Jemusi. Kampani sinkafuna kuononga mafuta kawiri. Ndiye katundu wawo ankatsika, wathu akukwera. Mkaziyo anali mtsikana wamng'ono, khanda lili kumsana, maso ali padenga la malata. Atandiona anachita manyazi, anagwada n'kundipatsa moni osadziwa poyang'ana. Ndikanam'da bwanji? Ndinam'lowetsa m'nyumba. Ndinamuonetsa pamene pamadontha, ndi zenera lofuna kulikweza kaye potseka. Ndinamuuza kuti kumpopi azilawirira, dzuwa likakwera madzi amatha. Anati, "Mwakolopa bwino, amama." Ndinali nditakolopadi m'mawa umenewo. Sindikudziwa chifukwa chake.

Katundu wathu sanali wambiri: mphasa, bedi, mapoto, mtondo, ndi nkhuku zimene ndinazimanga miyendo ndi luzi. Akazi a pamalayini anaima m'makomo mwawo. Ena anabwera kudzandigwira dzanja, ena ankangoyang'ana, aliyense akuganiza za mwendo wa m'nyumba mwake. Ine ndinakwera ndi mwana. Agogo anu anagwira chitsulo cha lole, anaponda patayala ndi mwendo wamanzere, koma wamanja sunathe kutsatira. Anakhala choncho, theka m'mwamba. Jemusi anasiya sutikesi imene ananyamula, anabwera n'kuwerama.

"Pondani pano, akulu," anatero, akuloza msana wake.

Agogo anu anam'yang'ana nthawi yaitali. Kenako anaponda.

Msewu wobwera kuno unkadutsa m'mbali mwa bwalo. Inali nthawi ya pulakatisi, anyamata anali atayamba kuzungulira, akuimba nyimbo yawo yothamangira. Dalaivala, kaya mwaulemu kaya mosaganiza, anachepetsa liwiro n'kuliza hutala. Ena anaima n'kukweza manja. Bonifasi anatuluka pagolo n'kufika mpaka pachingwe. Ndinati, "Bambo a Mariamu, anzanu akukutsanzikani."

Iwo anali atafulatira, akuyang'ana mtondo.

"Make Mariamu, nkhuku zija wazimanga bwino?"

Ndinati ndazimanga.

"Zisadumphe panjira."

"Sizidumpha."

Anawerama n'kuyamba kugwiragwira luzi, nkhuku imodzi ndi imodzi, akumasula mfundo zanga zabwinobwino n'kumanganso. Nyimbo ija inkamveka, kenako inkamveka pang'ono, kenako injini yokha. Atamaliza nkhuku yomaliza ndi pamene anadzutsa mutu n'kutembenuka. Kumbuyo kunali fumbi ndi minda ya mpunga basi.

Mpira wa agogo anu unathera pamenepo, ana inu.